Msika wa Maso

Ndalama yanga yoyamba kugona osaitanidwa ndi ngongole,
ya miyezi khumi ndi inayi ya choko m'zikhadabo,
ili pa tebulo pano pa Chitakale,
ndipo mlamu wanga Muhiwa wayamba kale kuipezera ulendo.

Akuti gula masheya.
Pa foni yake mzere wobiriwira ukukwera
ngati njira ya ku Chambe.
Kampaniyo ili kutsidya kwa nyanja zamchere,
siumitsa tiyi, siwotcha njerwa,
ilibe ndi lole yomwe yoti ndiikuwize pa msewu wa ku Muloza.
Nanga imagulitsa chiyani?
Akuti maso.

Ukatsegula foni kufuna zigoli za dzulo,
m'kuphethira kumodziko makina atsatsana kale mitengo,
uyu akuti diso ili ndi langa, ndilionetse nsapato,
uyo akuti ndi la nakubala, ndilionetse mkaka wa m'chitini.
Kampaniyo imaima pakati
n'kumatapako kake pa diso lililonse.

Oima pakati ndimawadziwa, alamu.
Ndinakulira pa Limbuli.
Ndinaona anyamata akunenepa ndi nanazi zomwe sanalime,
mpaka tsiku limene mwini lole anadziwa yekha njira ya ku munda.
Anatsala akukanda m'mutu pansi pa mtengo wa mapeyala.
Chipata chomwe kampani yanuyi yaimapo ndi chake?
Eni mafoni akasintha loko mawa, idzalowera pati?

Ndipo chaka chija phiri linagumuka,
a Namalomba a golosale sanasiye kuoda sopo ndi mchere.
Anasiya kulipira mnyamata wolemba chikwangwani.
Zinthu zikathina, wokuwa malonda ndiye amayamba kugona ndi njala.

Muhiwa akuseka, akuti ndine mphunzitsi mpaka m'thumba.
Ndamulanda foni, ndakokera mzere uja kumbuyo ndi chala.
Apa, chaka chatha, m'mawa umodzi wokha,
wagwa ngati madzi a pa Dziwe la Nkhalamba,
theka lonse osaoneka.
Akuti unadzukanso.
Inde. Koma ine ndikanagona tulo?
Kapena ndikanagulitsa ndi manja onjenjemera Lachiwiri,
n'kuuona ukukwera Lachisanu ndilibe kanthu?

Bambo anga anathyola tiyi zaka makumi atatu, dengu kumsana.
Ankati chitsamba chimenechi uchidikire zaka zitatu
chisanakupatse nsonga yoyamba,
koma chidzakuika m'manda chikadali chobiriwira.
Kudikira sindikuopa, ndinayamwira.
Chimene ndikufunsa n'chakuti ndikudikira chiyani.
Esnala wanga ali sitandade thu.
Podzafika fomu folo, kampani ya masoyi idzakhalapo,
kapena dzina lake lidzakhala litamezedwa ndi lina?

Apa Muhiwa wayang'ana panja.
Chiperoni chaphimba Sapitwa, malata akudontha pang'onopang'ono.
Akuti zimenezo palibe akudziwa.
Mawu ake oyamba lero omwe ndingawasungitse ku banki.

Sindikukana, alamu.
Mwina ndi mgodi, mwina mudzandidutsa pa galimoto ndili pa kabaza.
Koma wophunzira kupalasa njinga sayambira pa mtsetse wa ku Thyolo.
Yambiri ndiimwaza m'minda ingapo yomwe ndingathe kuitchula maina,
ina ikapsa ina ipulumuke.
Ku msika wa masowo ndiponyako yochepa,
yoti itasowa ndidandaule sabata imodzi basi,
ndipo ngakhale imeneyo idikire kaye
ndiwerenge mabuku a kampaniyo monga ndimachongera mayeso,
cholembera chofiira m'manja,
ndisinthenso makwacha ndikudziwa amene akundidula panjira.
Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wapita, ambulera yanga wabwereka.
Ndatsegula foni kuti ndione ngati mvula ikata mawa.
Pakona patulukira nsapato zofiira, saizi yanga yeniyeni.
Wina wangogula diso langa,
ndipo mtengo wake sanandiuze.